Maso ake anali abwinobwino, koma nsima pambale samaiona

Ndine telala. Makina anga ndimaika pakhonde la sitolo ina kufupi ndi Luchenza, ndipo odutsa pamenepo amandidziwa ndi duku lofiira lomwe silichoka kumutu kwanga. Ena amati ndi la chipani, ena amati ndi la mpingo. Zoona zake n'zakuti mwana wanga wamkazi amandizindikira ndi duku limeneli pagulu la anthu. Pano ali ndi zaka 6. Ndalemba nkhani yake chifukwa ife tinataya miyezi 11 tikusakasaka vuto m'maso, chonsecho vutolo linali muubongo.

Zinayamba mu February 2022, mvula ili pakati, iye ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Lachiwiri madzulo thupi linatentha. Sabata imeneyo ndinali ndi madiresi a chinkhoswe ofunika Loweruka, ndiye ndinangomupatsa panado n'kubwerera pamakina. Lachitatu anasanza kawiri ndipo phala analikana. M'kabati munali mapiritsi awiri a LA, mankhwala a malungo, otsala kwa mchimwene wake, ndinaphwanya limodzi n'kumumwetsa, mumtima n'kumati mawa ndikangomaliza kupinda madiresiwa tipita kuchipatala. Mawa lakelo m'bandakucha ndinadzidzimuka ndi mphasa ikugwedezeka. Mwana anali atauma gwaa, maso atatembenuka, thovu kukamwa.

Pamenepa ndinalakwa pawiri. Mankhwala a LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo sayenera kutsala m'nyumba. Kupezeka kwake m'kabati kukusonyeza kuti ngakhale mchimwene wakeyo sindinamumalizitse. Komanso kuyezetsa malungo n'kongobaya chala, mphindi zosakwana makumi awiri zotsatira zatuluka, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa. Mwana akamasanza chilichonse, akamakana kumwa kapena kuyamwa, akamangogona osadzuka bwino, kapena akakomoka, musadikire kuti kuche. Ine zonsezi anandiuzapo kusikelo, koma ndinkamva ngati nyimbo chabe.

Wakabaza wa njinga yamoto anatitenga pa K3,000 kukafika kuchipatala chaching'ono. Anamuyeza, anamubaya jakisoni, n'kutiuza kuti tidikire ambulansi, yomwe inafika dzuwa litapendeka. Kuchipatala chachikulu cha m'boma lathu anati ndi malungo a muubongo. Anamuika dilipi, anamuwonjezera magazi, chakudya chinkadutsa pachubu cha m'mphuno. Masiku atatu anali chikomokere. Anesi ankabwera kudzamukanikiza pachikhadabo kuti aone ngati akumva kuwawa, ine n'kumapenyerera ndili pansi pabedi, pomwe ndinkagona. Tsiku lachinayi analira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

Koma atatsegula maso sanandiyang'ane. Ndinkaika nkhope yanga pafupi, kumutchula dzina, iye maso ali kuzenera kapena kubabu la kudenga, osaphethira. Tsiku lotuluka ndinawauza adokotala omwe ankatilembera mankhwala. Iwo anati, “Mayi, thokozani Mulungu kuti mwanayu wadzuka. Zinazo zizibwerera pang'onopang'ono.” Sananame kwenikweni, pakuti ana ambiri amene asiya kuona chifukwa cha malungo amenewa amayambanso kuonako pakapita masabata kapena miyezi. Kungoti ine sindinafunse kuti tibwerenso liti, tikaonane ndi ndani, ndipo za masozo sizinalembedwe m'buku lake la kuchipatala. Ndikanadziwa ndikanaumirira kuti alembe. Chimene sichinalembedwe m'bukumo, dokotala wotsatira sachidziwa.

Tinafika kunyumba ndi mwana wina. Kuyenda kunali kutatha, mawu ake onse atathawa, dzanja lamanzere lili lende. Kuyenda kunabwerera patatha miyezi itatu, mawu anayamba kutuluka limodzilimodzi. Za maso zokha n'zimene zinatizunguza mutu, chifukwa sanali wosaona ngati mmene timadziwira munthu wosaona. Maso ake anali owala, okongola, opanda ng'ala, opanda chilema chilichonse. Lero atola kachipepala konyezimira ka switi pakati pabwalo, mawa awomba ndowa yaikulu yomwe ili poyera. Nkhuku ikamathamanga amaitsatira ndi mutu, koma ikaima phee ngati yasowa. M'mawa akadzuka ankaoneka kuti akuonako, pofika madzulo kapena kukabwera alendo ankangokhala ngati tamumanga nsalu kumaso. Kumsika ndiye ankalira mpaka kubanika.

Apongozi anga aakazi anali oyamba kunena zomwe aliyense ankaganiza. “Mwanayu amaona, apongozi. Mwangomulekerera. Dzulo watola chipepala uko, lero alephere kuona nsima ili pamphuno pakepa?” Bambo ake nawonso anayamba kukhulupirira kuti ndi matama obwera chifukwa chomunyengerera kuchipatala. Ndipo ine, mayi wake, tsiku lina nditatopa, ndinamumenya pakadzanja chifukwa ankapapasa pamphasa mbale ili patsogolo pake. Ndinamukalipira kuti asiye kunamizira. Anangolira osadziwa chomwe walakwa. Mbaleyo inali yoyera, nsima yoyera, ndipo ndinali nditaiika pachitenje cha maluwa amitundumitundu. Lero ndikudziwa kuti kwa iye zonsezo zinali phala limodzi losakanikirana. Chinthu chimenechi chimandiwawabe, ndipo ndachilemba dala kuti mayi wina asatambasule dzanja ngati ine.

Mu May achibale anagwirizana kuti pali munthu amene wamuphimba m'maso. Tinagulitsa mbuzi pa K28,000, tinawonjezera tambala, n'kupita kwa sing'anga wina cha kumalire. Anatchula munthu wa m'mudzi mwathu, yemwe mpaka pano sitilonjerana bwino, ndipo anatipatsa madzi a masamba oti tizidonthezera m'maso m'mawa ndi madzulo. Pofika tsiku lachitatu zikope zinali zitatupa, maso ali psuu, mafinya akutuluka. Maso amene malungo anawasiya amoyo, ife tinatsala pang'ono kuwapha ndi manja athu. Chilichonse chimene sichinachokere kuchipatala musachiike m'diso la mwana, kaya ndi masamba, kaya mkaka wa m'mawere, kaya madzi opemphereredwa.

Kutupako n'kumene kunatifikitsa kwa a zamaso kuchipatala cha m'boma. Apa ndinachitanso chinthu chopusa. Chifukwa cha manyazi ndinagula buku latsopano pageti, lakale lija ndinalisiya kunyumba, ndipo sindinatchule za kukomoka kuja kapena za sing'anga. Ndinangoti maso atupa ndipo mwanayu saona bwino. Anatipatsa mankhwala opaka, ndipo titabwereranso kutupa kutatha anamuyeza m'kachipinda ka mdima, kopanda phokoso. Anayatsa tochi, kamwana ka m'diso kanachepa mmene kamayenera kuchitira. Anayendetsa tochiyo uku ndi uku, iye n'kumaitsatira bwinobwino. “Mayi, masowa alibe vuto. Mwana wanu akuona.” Sindingawaimbe mlandu, chifukwa ndinawabisira theka la nkhani, komanso tochi mumdima ndi chinthu chimene ana otere amachiona mosavuta kuposa china chilichonse. Ndinatuluka ndili ndi chimwemwe chosakanikirana ndi mantha: ngati akuona, ndiye kuti apongozi akunena zoona? Bambo ake anakagula timagalasi ta ana pamsika ku Limbe pa K7,000. Anativula n'kutiponya m'madzi otsukira mbale.

Mu August anakomokanso, ulendo uno thupi losatentha. Anati ndi khunyu, lomwe limatha kutsalira mwana akadwala malungo a muubongo, ndipo anamuyambitsa mapiritsi a phenobarbitone. Kumeneko n'kumene anatitumiza kwa mayi wina wa mafizo, wothandiza kulimbitsa ziwalo, chifukwa cha dzanja lija. Tinkapita kamodzi pamwezi.

Chimene chinanditsegula mutu chinachitika pamakina panga mu October. Ndinkasoka masiketi akuda a amayi a Mvano, nsalu nditaiyala pamkeka, iye atakhala pambali. Unali usana wa phee, wayilesi ya musitolo itathima chifukwa magetsi kunalibe. Ulusi wofiira unagwa pamakina n'kugubuduka pansalu yakudayo. Ndinaona mutu wake ukutembenuka. Sanautole nthawi yomweyo. Anauyang'ana cham'mbali, ngati nkhuku ikamayang'ana kabawi, kwa nthawi yaitali ndithu. Kenako anatembenuzira nkhope kwina, n'kutambasula dzanja, n'kuugwira ndendende pomwe unali. Mtima wanga unagunda. Ndinaulanda n'kuugubuduzanso, anachita chimodzimodzi. Ndinayesa wachikasu, anautola. Ndinatenga ulusi wofiira womwe uja n'kuuika pachitenje cha maluwa, sanaupeze. Ndinaubweza pansalu yakuda, anaupeza. Tsiku limenelo siketi ngakhale imodzi sinathe.

Nditawafotokozera mayi a mafizo aja, anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: “Kodi atakomoka muja anatha masiku angati?” Ndinaulula zonse, za buku lachiwiri ndi za sing'anga zomwe. Sanandikalipire. Anakambirana ndi adokotala, ndipo anatilembera kalata yopita ku Lions Sight First Eye Hospital, chipatala cha maso chomwe chili pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Kalatayo inakhala m'chikwama miyezi iwiri ndi theka. Inali nyengo ya feteleza, mbuzi tinali titadyetsa sing'anga, ndipo ndinayembekeza ndalama ya madiresi a Khirisimasi. Tinapita mu January 2023. Minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, chakudya ndi tina n'tina zinatidyera pafupifupi K20,000, yosafika n'komwe pa mtengo wa mbuzi ija. Pokhala tinali ndi kalata, kuonedwa sitinalipire. Mukamapita nyamulani chakudya cha mwana ndi mabuku onse a kuchipatala, ngakhale ong'ambika, ndipo konzekani kutha tsiku, chifukwa amadonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka m'diso n'kudikira kuti agwire ntchito asanayang'ane mkati.

Adokotala ake anali mayi wodekha. Anawerenga mabuku onse awiri, anandifunsa mafunso ambirimbiri, anayang'ana mkati mwa maso nthawi yaitali, anayezanso ngati akufunika magalasi. Kenako anatenga foni yawo n'kunena kuti, “Mayi, foni iyi kamera yake ikhoza kukhala yabwinobwino, koma mkatimu mukawonongeka chithunzi sichituluka. Diso limangotola. Chimene chimaona ndi ubongo.” Anagwira kunkhongo kwa mwana wanga n'kunena kuti zimene maso atola zimakafikira kumeneko, ndipo kuchoka apo mbali zina za ubongo zimamasulira kuti ichi ndi chiyani, chili pati, ndi nkhope ya yani. Malungo aja anavulaza njira zimenezo. M'buku analemba zilembo zitatu, CVI, zomwe pa Chingerezi zimaimira cortical kapena cerebral visual impairment. Zisungeni zilembo zimenezi, chifukwa mukazitchula kwa a zamaso kapena a mafizo nkhani imafupika.

Anandiuzanso kuti si malungo okha amene amachititsa zimenezi. Mwana amene anabanika pobadwa n'kuchedwa kulira, wobadwa masiku asanakwane, amene anadwala matenda oumitsa khosi, wa madzi m'mutu, wovulala m'mutu pangozi, kapena wokomokakomoka, onsewa akhoza kukhala ndi vutoli. Ambiri amakhalanso ndi ulumali wina, ndiye anthu amatanganidwa ndi miyendo ndi manja, za kuona osaziganizira. Ena mwa iwo amafunikadi magalasi powonjezera, n'chifukwa chake kuyezetsa maso n'kofunikabe. Wanga sanafunike. Opaleshoni palibe, mankhwala odonthezera palibe. Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Koma anapitiriza kuti ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira, ndipo kuona kumatha kukula ngati tikumupatsa zinthu zimene angathe kuziona, m'njira imene angazionere. Ndinafunsa ngati miyezi 11 ija yatiwonongera. Anangoti, “Tiyambire pamene tilipa.”

Kunyumba ndinayamba ndi zimene telala sasowa. Ndinadula nsalu yakuda ya mita imodzi, ndiyo inakhala tebulo lake. Ndinagula kapu yofiira ndi mbale yachikasu, ndipo kwa miyezi yambiri sanadyere kapena kumwera china. Nsima yoyera pambale yachikasu, mbale pansalu yakuda, ndiwo m'kambale kena osati kuunjika pamodzi. Sabata yachiwiri anatema yekha mbamu osapapasa. Nthawi ya chakudya wayilesi timathimitsa, chifukwa iye kumvetsera ndi kuyang'ana nthawi imodzi zimamukanika: phokoso likachuluka, maso amasiya ntchito. Chovuta kwambiri kwa ine chinali kudikira. Ukamuonetsa chinthu umafunika kukhala chete, n'kuwerenga chamumtima mpaka makumi awiri, nthawi zina kupitirira. Kale ndinkachotsa chinthucho ndisanafike n'komwe pa faifi, n'kumati sanachione, pamene iye anali akadali m'njira. Chinthu chikakhala chosayenda ndimachigwedeza pang'ono kuti achipeze. Madzulo ndinkaika tochi kuseri kwa botolo la madzi osungunulamo utoto wofiira, iye n'kumalitsatira. Mkati monyezimira mwa mapepala a tchipisi, omwe ana amataya pamsewu, ndinkatsuka n'kusokerera pakansalu.

Tinazindikiranso kuti zinthu za m'munsi saziona bwino. N'chifukwa chake ankawomba ndowa ndi kupunthwa pakhonde. Bambo ake anapaka penti yachikasu m'mphepete mwa masitepe ndi pachiwundo cha chitseko, ndipo tinagwirizana kuti katundu wa m'nyumba asamasunthidwe mwachisawawa. Zoseweretsa timaziika chokwera, cha kudzanja lamanja kumene amaonera bwino.

Zolakwa sizinathe. Titaona kuti zikuyenda, bambo ake anabwera ndi jumbo yodzaza zidole za pakaunjika, zamitundu yonse, zina zoimba. Anazikhuthula pamkeka, mwana anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Chinthu chachilendo chimamuvuta kuposa chimene anachizolowera, ndipo zambiri pamodzi ndiye zimamuphimbiratu. Tinabisa zonse n'kumatulutsa chimodzi pa sabata. Inenso ndinkamupanikiza ngati tili pamayeso, “ichi n'chiyani, nanga ichi,” mpaka ankagona pansi n'kutseka maso. Kuyang'ana kumamutopetsa ngati mmene kulima kumatopetsera munthu wamkulu. Mphindi zochepa kangapo patsiku, pomusambitsa, pomuveka, pakudya, zimaposa ola lathunthu lomukhazika pansi.

Mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Nyumba yathu inapulumuka, koma misewu inaduka, tsiku lobwerera ku Blantyre linatidutsa, ndipo mapiritsi a khunyu anatithera kwa masiku naini chifukwa ndinali ndi chizolowezi chokatenga ena akatsala awiri. Anakomoka kawiri. Kwa masabata atatu otsatira ngakhale kapu yofiira ija ankaiphonya, ndipo ndinkalira usiku poganiza kuti zonse zapita. Zinabwerera pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo ndimakatenga mankhwala kukadali sabata yathunthu, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo sindimusiyitsa ngakhale atatha miyezi osakomoka, pokhapokha adokotala atanena. Akadwala chimfine kapena akagona mochedwa, tsiku limenelo amaona mochepa. Poyamba zinkandiopsa, pano ndimangodziwa kuti lero ndi tsiku lomugwira dzanja.

Apongozi anga sindinawagonjetse ndi mawu. Tsiku lina ndinangowapatsa ulusi uja ndi nsalu ziwiri, yakuda ndi yamaluwa, n'kunena kuti, “Amayi, tayesani nokha.” Anayesa katatu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anamunyamula mdzukulu wawo n'kumubereka, ngakhale anali wamkulu kale. Masiku ano ndi iwo amene amakalipira alendo: “Musamangomugwira mwadzidzidzi, yambani mwanena kuti ndinu ndani!” Ndipo ndi iwo amene anakauza mayi wina wa kumpingo kwawo, yemwe mwana wake anachedwa kulira pobadwa ndipo amangoyang'ana kudzuwa, kuti abwere adzacheze nane. Mayiyo anapita ku Blantyre mwana ali ndi miyezi naini yokha. Ndinamuchitira nsanje yabwino.

Kusukulu ya mkombaphala zinali zosavuta chifukwa alezi ake ndi anthu a m'mudzi momwemo. Ku pulayimale ndiye kuli ntchito. Kalasi ndi yodzaza, phokoso lili ponseponse, bolodi lodzaza zolemba. Kudzera kwa ahedi tinapeza mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Iye anatithandiza kuti mwana azikhala kutsogolo, atafulatira zenera, chifukwa akayang'anizana ndi kuwala maso ake amakakamira komweko. Zilembo timamulembera zikuluzikulu ndi cholembera chakuda chonenepa, motalikirana, zochepa patsamba. Ndinadula kabowo pakatoni yomwe ndinaikuta ndi nsalu yakuda, ndipo amaiika pabuku kuti azingoona liwu limodzi, ena onse atabisika. Mphunzitsiyo sabwera kawirikawiri chifukwa masukulu amene amayendera ndi ambiri, ndiye teremu iliyonse ndimapita ndekha kukafotokozera aphunzitsi a kalasi, ulusi ndi nsalu zanga zili m'chikwama. Ena amamva msanga. Ena amayamba ndi mawu omwe aja, akuti koma mwanayu amaona.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti anachira. Amayenda yekha pakhomo ndi njira ya kutchalitchi, amadziwa mitundu, amawerenga zilembo zingapo, amathamangitsa nkhuku. Koma pamsewu sindimusiya, chifukwa njinga yamoto amaimva asanaione. Pamalo achilendo amayamba wapondaponda ndi phazi asanatsike, ngakhale pali mthunzi chabe. Ana ena amene ndakumana nawo ku mafizo apita patsogolo kuposa iye, ena pang'ono pokha ngakhale amayi awo akuyesetsa kuposa ine. Ndipo nkhope mpaka lero zimamuvuta. Bambo ake amawadziwa ndi mawu ndi kayendedwe, agogo ake ndi fungo la fodya wa m'mphuno.

Teremu yathayi ndinachapa duku langa Lamlungu madzulo, mvula n'kugwa usiku wonse, ndipo Lolemba ndinavala labuluu popita kukamutenga. Ndinaima pageti dala osalankhula, ndikufuna kuona. Anatuluka, anaima, anayang'ana cham'mbali mmene amachitira muja. Anandidutsa pafupi kwambiri moti yunifolomu yake inakhudza chitenje changa, n'kukagwira dzanja la mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene anavala bulauzi yofiira. Nditamuitana anatembenuka n'kuseka, “Amama, mwabisala kuti?” Madzulo ake ndinadula nsalu yofiira n'kupinda maduku ena awiri, ndipo limodzi limakhala mudirowa ya makina.